Gireda Inkatembenukira pa Mlatho

Alyre Gauvin anabadwira ku Anse-aux-Hérons, mudzi wa asodzi kugombe la kum'mawa kwa Canada, ndipo anabadwa wofiira. Masiku amenewo chipani munthu sankachita kusankha. Ankachipeza m'nyumba, monga mmene ankapezera Chifalansa ndi korona yopempherera ya agogo ake. Bambo ake anali a chipani chofiira, agogo akenso chimodzimodzi. Mabanja a chipani cha buluu ankadziwika ngakhale m'tchalitchi, poti ankakhala mipando ya kumanzere, pansi pa zenera la Yosefe Woyera.

Alyre ali mwana, midzi yonse ya kugombe inkavota limodzi ndi tauni ya Dunmore Mills, ya anthu olankhula Chingerezi, m'dera limodzi lalikulu. A kutauni ndiwo anali ambiri, choncho phungu ankachokera kwa iwo, ndipo kugombe ankaonekerako nthawi ya kampeni yokha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linagawa madera akuluakulu aja. Midzi ya kugombe inapatsidwa dera lakelake, la Saint-Amable, lalitali ndi lopyapyala ngati lamba. Linayambira pa nsanja ya nyali yolondolera zombo kumpoto, n'kuthera pa mlatho wa mtsinje wa Bouleau kummwera. Kumadzulo malire ankadutsa m'nkhalango, kumene kunalibe munthu woti n'kudandaula nawo.

Usodzi Alyre anauyesa, koma nyanja inamukana. Bwato likangochoka padoko, iye ankakhala atagwira kale m'mbali, mutu uli kumadzi.

"Nkhanu za m'nyanja muno zikukuthokoza," anatero bambo ake tsiku lina. "Ukuzidyetsa kuposa nyambo zanga. Tsala kumtunda, mwana wanga."

Anatsaladi kumtunda, nayamba kukonza mainjini a mabwato ndi mathirakitala. Apa ndiye manja ake anapeza kwawo. Kenako anachita chinthu chimene chinayankhulitsa mudzi kwa kanthawi: anakwatira Obéline Mazerolle, mtsikana wa ku mipando ya kumanzere ija. Obéline anali ndi mchimwene wake, Fidèle, wamsinkhu umodzi ndi Alyre, munthu wamkulu thupi, wamawu ngati wailesi yosathimitsa.

"Alamu," anatero Fidèle paphwando la ukwati, "mlongo wanga takupatsani, koma voti yake yatsala kwathu."

"Musadandaule, alamu. Ya buluu ndingaisunge pati? Ingandiwolere m'nyumba."

Chisankho choyamba m'dera latsopanolo anapambana ndi ofiira. Phungu anali a Léandre Doiron, eni golosale ya pafupi ndi tchalitchi. Nthawi imeneyo ntchito za m'misewu zinali m'manja mwa phungu ndi komiti yake, ndipo aliyense ankadziwa kuti zimatero. Alyre anaitanidwa kugolosale, natuluka ndi makiyi a gireda ya boma.

Inali chimakina chachikasu, chaphokoso, chotayira mafuta paliponse pamene chagona. Chilimwe ankasalaza nayo misewu yafumbi. Dzinja la chisanu likafika ankaimangirira chitsulo kutsogolo n'kumakankha chipale chofewa chimene chinkatseka misewu, kuti basi ya ana asukulu ndi galimoto ya mkaka zidutse. Alyre ankaikonda ntchitoyi kuposa mmene ankavomerezera pagulu. Ankakonda kutuluka m'mamawa dziko lonse lili mbee, msewu osaoneka, iye n'kumaudziwa ndi mitengo ya mafoni basi. Akatembenuka n'kuona njira yakuda itatseguka kumbuyo kwake, utsi ukutuluka m'nyumba, amayi akumugwedezera dzanja pazenera, mtima wake unkakhala pansi.

Koma boma silikhala la mtundu umodzi. Patapita zaka, a buluu anatenga boma, natenganso Saint-Amable. M'mawa mwake Fidèle anafika atavala malaya ochapa, chipewa chili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka. Inuyo sindifunsa, mano akuonekera kumsewu."

"Ine ndangobwera kudzaona mlongo wanga."

"Mlongo wanu ndi uyo. Makiyi ali pa msomali kuseri kwa chitseko."

Fidèle, amene mawu sankamuthera, anaima n'kumangopotokola chipewa. Obéline anaika makapu patebulo.

"Khalani pansi nonse awiri. Lasintha ndi boma, tiyi ndi yemwe uja."

Atamwa tiyi, Alyre anatuluka naye panja n'kumuonetsa makhalidwe a gireda. Anamuuza kuti giya yachitatu imakana kukazizira, asaikakamize, ndiponso kuti pakhonde la mayi wamasiye wa a Robichaud asaunjikepo chipale, poti alibe wowafosholera. Fidèle ankangoti inde, inde. Anailiza, naitulutsa pabwalo mwamantha ngati wanyamula mazira.

Chaka chimenecho chinamupweteka Alyre. Anapeza ntchito yokonza makina kufakitale ya nsomba, ndipo njala sinalowe m'nyumba. Koma m'mamawa gireda ikamadutsa pamsewu, iye ankadziwa ndi khutu kuti mlamu wake wachedwa kusintha giya, ndipo ankangotembenukira kukhoma. Tsiku lina Fidèle anagwetsa bokosi lawo la makalata la m'mbali mwa msewu ndi chitsulo chija. Alyre analinyamula mpaka kwa mlamu wakeyo n'kukaliika patebulo.

"Boma lanu layamba ntchito, alamu. Chitukuko choyamba ndi ichi."

Fidèle anaseka mpaka kutsokomola, nabwera yekha madzulo kudzalikhomanso.

Zinayenda choncho kwa zaka zambiri. Ofiira akalowa, makiyi ankabwerera pa msomali wa Alyre. A buluu akalowa, ankapita kwa Fidèle. Anthu pamudzi ankati munthu yekhayo amene sanaluzepo chisankho ku Saint-Amable ndi Obéline, chifukwa gireda ikachoka kwa mwamuna wake inkakagona kwa mchimwene wake.

Lamulo limodzi lokha ndi limene onse awiri ankalitsata mofanana: gireda inkatembenukira pa mlatho wa Bouleau. Pamenepo ndiye panali malire. Kutsidya kunali Glen Morag, kachigwa ka mabanja ochepa olima, zidzukulu za anthu ochokera ku Scotland. Iwo anali m'dera la Dunmore Mills, koma kumchira kwenikweni, moti gireda ya kwawo inkawafika anzawo onse atayiwala kale kuti kunagwa chipale. Anthu a kugombe ndi a ku Glen sankadana. Ankangokhala osadziwana: tchalitchi china, chilankhulo china, sitolo ina.

M'mawa wina wa February, ofiira ali m'boma, chipale chitagwa mosalekeza kuyambira dzana lake, Alyre anafika pa mlatho kuti atembenuke monga mwa masiku onse. Kutsidya kunaima mayi wina, atavala jekete lachimuna, chipale chikumulekeza m'maondo. Anakweza manja onse awiri. Alyre anatsika.

Mayiyo anali Effie Macrae. Anayenda pansi kuchokera kwawo chifukwa mawaya a foni anaduka. Chingerezi cha Alyre chinali cha pa injini basi, koma anamva ndithu kuti mwamuna wawo, a Murdoch, agwa pamakwerero m'khola la ng'ombe, mwendo wathyoka, ndipo galimoto singatuluke.

Alyre anayang'ana mlatho, nayang'ana mayiyo.

"Kwerani, mayi. Muime apa, mugwire chitsulo ichi. Musagwire icho, chikuwotchani."

Anawoloka. Aka kanali koyamba kuti gireda ya Saint-Amable iponde ku Glen Morag, ndipo msewu wake Alyre sankaudziwa. Mayi Macrae ndiwo ankaloza pamene pali ngalande ndi pamene pali mpanda. Atafika, Alyre anathandiza kunyamula a Murdoch pa chitseko chakale n'kuwagoneka m'galimoto. Kenako anatsogola, galimoto ikutsatira pambuyo pang'onopang'ono, mpaka pa msewu waukulu wopita kuchipatala. Kunyumba anabwerera dzuwa litapendeka, mbali ya kumpoto ya dera lake isanakankhidwe, anthu akudandaula kale.

Kuyambira tsiku limenelo, chipale chikagwa chambiri, ankati akafika pa mlatho n'kungopitirira. Sanapemphe chilolezo, sanauzenso munthu. Koma gireda si chinthu chobisika. A Doiron, amene anali atabwereranso pa uphungu, anamuitanitsa kugolosale.

"Alyre, ndikumva kuti wayamba kugwirira ntchito phungu wa ku Dunmore."

"Ayi, bwana. Kungoti pa mlatho paja m'pothina. Ndimapita kukatembenukira pabwalo la a Macrae."

"Pabwalo la a Macrae ndi kumapeto kwa chigwa."

"Gireda yake ndi yaikulu, bwana."

A Doiron anamuyang'ana kwa kanthawi pamwamba pa magalasi awo.

"Anthu aja sali m'dera lathu, ndipo atakhalamo sangativotere. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Uziyamba wamaliza kwathu kuno, kenako uzikatembenuka kulikonse kumene ukufuna. Ine sindinamve kanthu."

Zaka zinapita. Achinyamata a kugombe anayamba kuchoka, ena ku Ontario, ena ku Alberta kumigodi ya mafuta. Mwana wamwamuna wa Alyre ndi Obéline naye anapita. Kalembera atachitika, zinaoneka kuti Saint-Amable yachepa anthu. Bungwe loona za malire linabwera, linamva maganizo a anthu m'holo ya tchalitchi, n'kusuntha malire kuchoka pa mtsinje kukafika paphiri la kuseri kwa Glen Morag. Anthu a m'chigwa chija anadzuka tsiku lina ali a ku Saint-Amable.

Alyre anakondwera nazo, poti tsopano ankawoloka mlatho uja popanda bodza la kutembenuka. Komiti ya chipani nayo inaona mwayi. Chisankho chitayandikira anamutuma iyeyo ku Glen.

"Kumene kuja amadziwa iwe, sadziwa ife. Kawalankhule."

Anapita Loweruka lina atavala tayi. Nyumba iliyonse anamulandira ngati m'bale. Anamwa tiyi mpaka mimba kulira. Timapepala ta chipani ankalandira ndi manja awiri n'kutiika bwinobwino pashelufu. A Murdoch, amene tsopano ankayenda chotsimphina, anamuonetsa ana a ng'ombe onse mmodzimmodzi. Alyre anabwerera n'kukauza komiti kuti ku Glen zinthu zili bwino.

Chisankho chimenecho chinali chothina. Mabokosi a kugombe atawerengedwa, ofiira anali patsogolo pang'ono chabe. Bokosi la ku Glen Morag linafika lomaliza, ndipo linali la buluu pafupifupi lonse. A Doiron anagwa, ndipo boma nalo linapita kwa a buluu.

M'mawa mwake galimoto inaima pabwalo. Alyre anaganiza kuti ndi mlamu wake, koma anali mayi Macrae, atanyamula keke ya maapozi yokutidwa ndi kansalu. Obéline, amene Chingerezi ankachidziwa bwino, anawalowetsa n'kumathandiza pamene mawu avuta.

"A Gauvin, ndabwera ndekha kuti musamve kwa ena. Tavotera buluu."

"Nonse?"

"Kupatula aphunzitsi, koma iwo aja ndi obwera."

Alyre anayang'ana keke ija.

"Sitinkadziwa kuti voti yathu ingakuchotseni ntchito mpaka mwana wanga atatiuza dzulo," anapitiriza mayiwo. "Murdoch chakudya chamukanika. Koma ndisakunamizeni, tikanadziwa sindikudziwa ngati tikanatha kusintha. Kwathu chiyambire agogo ake a Murdoch palibe anavoterapo ofiira. Ndikufunseni: alamu anu aja akanakhala kuti ndiwo anakupulumutsani inu pa vuto ngati lathu lija, mukanavotera buluu?"

Alyre analingalira moona mtima. Anaona bambo ake, anaona mipando ya kumanja ya m'tchalitchi.

"Ayi," anatero. "Dzanja likanakana."

"Ndiye ndi zimenezo."

Ali mkati modya keke, Fidèle anatulukira, malaya ochapa, chipewa m'manja.

"Alamu, ndamva kuti munandichitira kampeni yamphamvu ku Glen. Ndabwera kudzathokoza."

"Makiyi mukudziwa pamene amakhala. Keke iyi musaiyang'ane, ndi ya oluza."

Pamaso pa alendo Alyre anaseka nawo, koma atachoka nkhope inagwa. Kwa masiku angapo ankangoyankha inde ndi ayi. Obéline anamuleka kaye, kenako tsiku lina akusenda mbatata anamufunsa osadzutsa mutu.

"Kodi inu ku Glen kuja munkakankha chipale kapena munkagula mavoti?"

"Chipale."

"Nanga chipalecho sichinachoke?"

Madzulo ake Alyre anadya mbale ziwiri.

Boma la buluu limenelo ndi limene linathetsa mwambo wa makiyi. Linakhazikitsa lamulo loti ogwira ntchito m'misewu asamachotsedwe chisankho chikatha. Ofiira anati a buluu achita dala, atseka chitseko anthu awo ali m'kati. A buluu anati ofiira akanachitanso chimodzimodzi akanaliganizira msanga. Onse ankanena zoona. Kwa Alyre zinatanthauza kuti gireda yapita kwa Fidèle mpaka kalekale. Imvi zinali zitayamba, ndipo anadziuza kuti adzapumira kufakitale ya nsomba.

Koma dera linali litakula, misewu yambiri inali itathiridwa phula, ndipo makina amodzi sankakwanira. Boma linagula lole yokankha chipale ndi kuwaza mchere wochisungunula, nililengeza ntchito m'nyuzipepala. Fidèle ndiye anabwera nayo nyuzipepalayo.

"Kalembeni kalata yofunsira ntchitoyi, alamu. Akapanda kutenga inu andipatsa kamnyamata koti ndizikaphunzitsa kukhota."

Alyre anapita ku ofesi ya misewu ku Dunmore Mills. Mayi wina wachitsikana, injiniya, anamufunsa mafunso, kenako anamuyesa kuyendetsa pabwalo. Anabwerako ali wodabwa.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Obéline.

"Kaya. Sanandifunse n'komwe kuti ndine mwana wa yani."

Ntchito anaipeza. Zaka zake zomaliza pamsewu anagwira limodzi ndi mlamu wake, wina kumpoto, wina kummwera. Ankakumana kugalaja masana, aliyense ndi kachitini kake ka chakudya, n'kumakangana za boma mpaka nthawi yonyamuka. Achinyamata a pagalajapo ankachita kusiya ntchito kuti amvetsere. Fidèle ankati ofiira amathira phula lopyapyala ngati batala wa munthu woumira. Alyre ankati a buluu amakhoma zikhomo za msewu chisankho chikayandikira, chikatha n'kubwera kudzazizula. A Murdoch Macrae atamwalira, awiriwa anapita limodzi kumaliro, nakhala mpando umodzi m'tchalitchi chachilendo, osadziwa poimirira ndi pokhala.

Onse awiri atapuma pantchito, malire anasunthanso. Ulendo uno Saint-Amable inali yochepa kwambiri moti sikanatha kuima payokha, ndipo bungwe linaganiza zoiphatikizanso ndi Dunmore Mills. Holo ya tchalitchi inadzaza, ofiira ndi a buluu atasakanikirana. Fidèle analankhula mpaka wapampando anachita kumupempha kuti apatseko mpata ena. Alyre anaimirira pomaliza, poti kulankhula pagulu sikunali kwake. Anati iye anakulira m'dera lalikulu lija, ndipo akukumbuka bambo ake akuvula chipewa pamaso pa phungu amene sankamva mawu awo ngakhale amodzi. Anati sakufuna zidzukulu zake zidzaone zimenezo. Atatero anakhala pansi.

A bungwe anamvetsera mwaulemu, nalemba. Maderawo anawaphatikizabe, koma dzina analisunga: Dunmore-Saint-Amable. Anthu ena anakwiya kwa nthawi yaitali. Alyre anadandaula mpaka chilimwe, kenako nyemba ndi mbatata za m'dimba mwake zinamutangwanitsa.

Pachisankho chotsatira panaima mayi wina, namwino, dzina lake Nadine Kerr, wa chipani chobiriwira chimene akuluakulu a kugombe ankachiyesa masewera a ana. Bambo ake anali a ku Dunmore, mayi ake a kugombe, ndipo zilankhulo zonse ziwiri ankazilankhula ngati madzi. Anapambana. Kanali koyamba kuti Alyre ndi Fidèle aluze tsiku limodzi, ndipo sanadziwe chochita nazo. Anakhala pakhonde la Alyre m'mawa wonse, popanda woseka mnzake.

Mvula ya m'dzinja lotsatira inagumula ngalande ya pamsewu wa kudoko. Akuluakulu awiriwa anayeza ndi maso, nagwirizana, mwina koyamba m'moyo wawo, kuti paipi imene anaikapo ndi yaing'ono. Anavala majekete a Lamulungu n'kupita ku ofesi ya phungu ku Dunmore Mills, Alyre akuyendetsa, poti maso a Fidèle anali atayamba kufooka. Panjira anakonzekera Chingerezi chawo. Atalowa, phunguyo anatuluka yekha n'kuwalonjera m'Chifalansa cha kugombe chenicheni.

"Khalani apa, amalume. Mayi anga amati inu awiri munkagwetsa mabokosi a makalata mosinthanasinthana."

"Ndi awa," anatero onse awiri, aliyense akuloza mnzake.

Phunguyo anawapatsa tiyi, nawamvetsera mpaka kumapeto. Anawauza mosabisa kuti chaka chimenecho sizitheka, koma adzabwera ndi injiniya kudzaona malowo, ndipo akufuna iwo adzakhalepo. Pobwerera, atadutsa Glen Morag, Fidèle anatembenukira kwa mlamu wake.

"Mwana uja ali ndi mutu," anatero. "Kungoti anasochera. Maganizo ake onse aja ndi a buluu."

"A buluu ake ati? Simunamve mmene amalankhulira za chipatala? Uja ndi wofiira, sanadzidziwe chabe."

Anakangana choncho mpaka kudoko, kumene Alyre anaima kuti agule nsomba zimene Obéline anamutuma. Mabwato anali atangofika kumene, ndipo Fidèle nayenso anatsika kuti akasankhe yekha, akuti mlamu wake nsomba sazidziwa.